Zaka ziwiri zomwe ndinataya chifukwa chokhulupirira muyeso umodzi

Ndinabadwira ku Mbare, mu Harare, m'banja lomwe agogo aamuna anachokera ku Dedza m'zaka za m'ma 1950 kudzafuna ntchito mu mzinda womwe pa nthawiyo unkatchedwa Salisbury. Kunyumba timalankhula Chichewa, ndipo ku tchalitchi chathu cha CCAP timapempheranso m'Chichewa. Ndalemba nkhaniyi m'chinenero chomwechi chifukwa achinyamata angapo, ena a konkuno ndi ena a ku Malawi, akhala akundifunsa chomwe chinachititsa kuti digiri yanga yachiwiri ya fizikisi, yomwe inayenera kutha m'zaka ziwiri, indidyere zaka pafupifupi zinayi. Magetsi ndi mliri wa Covid-19 zinachedwetsako ndithu, koma gawo lalikulu la kuchedwako linachokera m'manja mwanga.

Ndinayamba kafukufuku kumayambiriro kwa 2019, pa yunivesite ina ya mu Harare. Ntchito yanga inali kuyeza momwe mphamvu imatayikira m'maginito a chitsulo chopyapyala kwambiri, chomwe amachimata pa kachidutswa ka silicon. Akatswiri amachitcha thin film, ndipo ine ndizichitcha filimu. Kunenepa kwake kumayezedwa m'mananomita, ndipo mananomita 1,000,000 ndi amene amakwana milimita imodzi. Chitsulo chomwe ndinasankha ndi permalloy, chosakaniza cha nickel pafupifupi magawo 80 pa 100 ndi ayironi magawo 20, chomwe Gustav Elmen anachipanga mu 1914 m'malabotale a Bell ku America. Ndinachisankha chifukwa anthu ambiri anachiyeza kale, choncho ndinkaganiza kuti ndikalakwitsa ndidzazindikira msanga.

Maginito a filimu tingawaone ngati muvi wolozera mbali imodzi. Mukauika pakati pa maginito aakulu a magetsi, muviwo umaloza komwe mphamvu yawo ikukokera. Mukaukankha pang'ono ndi mafunde a microwave, subwerera pamalo pake molunjika, koma umazungulira mbali ija monga momwe mutu wa nguli umapendekera ndi kuzungulira ikayandikira kugwa, kungoti apa kuzungulirako kumachitika mabiliyoni angapo pa sekondi imodzi. Mukasiya kuukankha, kuzungulirako kumachepa mpaka muviwo utakhazikika, chifukwa mphamvu yake yapita kwa maelekitironi a m'chitsulomo, kenako yasanduka kutentha. Kuzirala kumeneku ndi komwe kumatchedwa damping. Landau ndi Lifshitz analemba masamu a kayendedwe ka muviwu mu 1935, ndipo T. L. Gilbert anakonza gawo la kuzirala mu 1955, n'chifukwa chake nambala yoyezera kuziralaku imatchedwa alpha ya Gilbert. Kwa permalloy yabwino, alpha imakhala pakati pa 0.006 ndi 0.008. Opanga MRAM, mtundu wa memory ya kompyuta yosunga zinthu m'maginito, amaifuna nambalayi, popeza magetsi ofunika kutembenuza muvi wa kachigawo kamodzi amakwera alpha ikakwera.

Kwathu kunalibe makina omatira mafilimu, choncho aphunzitsi omwe ankandiyang'anira anapempha anzawo a pa labotale ina ya ku South Africa kuti atipangire. Kalata yopempha ndinalemba ndine, ndipo ndimo momwe munali cholakwa changa choyamba. Ndinalemba kuti ndikufuna permalloy ya mananomita 5, 10, 20 ndi 40, koma sindinanene kanthu za chitsulo choyala pansi kapena chovindikira pamwamba, chifukwa sindinkadziwa kuti zimenezi zili ndi ntchito. Masampulo anafika mu Epulo 2019 m'timabokosi tapulasitiki, ndipo pa kabokosi kalikonse panalembedwa ndi cholembera chakuda. Pa ka mananomita 5 panali Py5/Pt3, pomwe pa tina tonse panali Py, chidule cha permalloy, ndi nambala basi. Zilembo za Pt3 ndinaziona, ndinaganiza kuti ndi nambala ya gulu lomwe anapangira limodzi, ndipo ndinaika timabokosi tonse m'dirowa ya tebulo langa pamodzi ndi mapensulo ndi malisiti. Amene mukuyamba ntchito yotereyi, dziwani kuti permalloy yosavindikira imagwidwa ndi okosijeni wa mumpweya kuyambira tsiku lomwe yatuluka m'makina, ndipo dzimbiri la mananomita awiri pa filimu ya mananomita 10 si laling'ono. Masampulo amasungidwa m'botolo lotsekeka bwino lokhala ndi silica gel, timibulu toyamwa chinyezi, ndipo zonse zolembedwa pa kabokosi muyenera kuzifunsa tanthauzo lake tsiku lomwelo.

Njira yoyezera imatchedwa ferromagnetic resonance, mwachidule FMR. J. H. E. Griffiths ndiye anaiona koyamba mu 1946, ndipo Charles Kittel anafotokoza masamu ake patangopita nthawi yochepa. Mumaomba sampulo ndi microwave, kwinaku mukukweza pang'onopang'ono mphamvu ya maginito aakulu aja, ndipo pa mulingo wina kuzungulira kwa muvi kumagwirizana ndi mafundewo, sampulo n'kuyamba kumwa mphamvu yambiri. Pa kompyuta pamaoneka mzere wotukuka, ndipo m'lifupi mwa chotukukacho ndi momwe timafufuzamo alpha. Makina okhawo omwe ndinawapeza anali akale, a gulu la ophunzira za chemistry, opangidwira ntchito ina, ndipo ankagwira pa frequency (kuchuluka kwa mafunde pa sekondi) imodzi yokha, pafupifupi 9.5 GHz, kutanthauza mafunde mabiliyoni 9.5 pa sekondi.

Ndisanayeze ngakhale sampulo imodzi, vuto la magetsi linakula. Kuyambira Meyi 2019, madzi atachepa m'damu la Kariba, madera ambiri a Harare ankakhala opanda magetsi mpaka maola 18 pa tsiku. Jenereta ya pa dipatimenti sinkatha kunyamula maginito aakulu pamodzi ndi pampu ya madzi oziziritsa, choncho ndinkadikira magetsi a usiku, omwe ankabwera cha m'ma 10 koloko n'kuzimanso kusanache. Ndinkagona pa benchi ya mu labotale nditafunda bulangeti lomwe amayi anandipatsa, popeza June ndi Julayi a Harare amazizira kwambiri, ndipo m'mawa ndinkakwera kombi kubwerera ku Mbare maso ali psuu. Kawiri magetsi anazima makina ali pakati pa muyeso, ndipo kachiwiriko anapsereza kachipangizo komwe tinakadikira milungu isanu ndi umodzi, chifukwa mwezi womwewo wa June boma linaletsa kugula zinthu ndi ndalama zakunja m'dziko muno ndipo ogulitsa sankafuna kutchula mtengo. Ndikutchula kutopaku chifukwa kunandisokoneza maganizo. Nambala yomwe munthu waigonera pa benchi miyezi inayi safuna kuikayikira.

Pofika Okutobala ndinali ndi miyeso ya masampulo onse. Filimu ya mananomita 10 inatukuka pa mphamvu ya maginito ya pafupifupi 95 mT (mT ndi militesla, muyeso wa mphamvu ya maginito), monga momwe masamu a Kittel amanenera, ndipo m'lifupi mwa mzere wake munali 7 mT. Nditaika nambalayi m'masamu ndinapeza alpha ya 0.011. Sinali 0.008 ya m'mabuku, koma inali pafupi, ndipo ndinadziuza kuti kusiyanako n'kwa makina akale. Chomwe chinandisangalatsa kwambiri chinali chakuti filimu ya mananomita 5 inali ndi mzere wotambalala kuposa zonse, ndipo ndinakhulupirira kuti ndapeza umboni wakuti permalloy ikapyapyala imataya mphamvu msanga mwa iyo yokha. Ndinalemba mutu wonse wa masamba 30 pa mfundo imeneyi. Aphunzitsi anga anali katswiri wa nthambi ina ya fizikisi, anali ndi makalasi ambiri, ndipo anandiuza poyera kuyambira pachiyambi kuti ndipeze munthu wa FMR woti aziwerenga ntchito yanga. Sindinatero, chifukwa ndinkachita manyazi kuonetsa anthu akunja zinthu zoyezedwa pa makina ngati athu.

Mu February 2020 ndinalimba mtima n'kutumiza mutuwo kwa mkulu wina wochokera ku Lilongwe, yemwe ankachita digiri ya udokotala ku Johannesburg, ndipo tinadziwana kudzera mwa abusa athu. Anandiimbira pa WhatsApp usiku womwewo. Atandipatsa moni ndi kufunsa za agogo, anati, “Achimwene, 7 mT mwalembayi mwaiyeza kuchokera pati kufika pati?” Ndinayankha kuti kuchokera pansonga yapamwamba kufika pansonga yapansi ya mzere. Anakhala chete pang'ono, kenako anandifotokozera kuti makina a mtundu umenewo saonetsa chotukuka chenichenicho, koma kutsetsereka kwake, ndipo kuti mtunda wa pakati pa nsonga ziwirizo uyenera kuchulukitsidwa ndi square root ya 3, yomwe ndi pafupifupi 1.73, usanalowe m'masamu omwe ndinagwiritsa ntchito. Ndinawerengera foni ili kukhutu. M'lifupi munakhala 12 mT, ndipo alpha inakwera kufika 0.019, kuposa kawiri ya permalloy yabwino. Zolakwa ziwiri zinali zitabisana: masamu olakwika anatsitsa nambala yomwe filimu yoonongeka inaikweza, ndipo zotsatira zake zinaoneka ngati zoona.

Kenako anafunsa funso lachiwiri, lomwe linandifooketsa mawondo: “Nanga mwayeza pa ma frequency angati?” Nditati imodzi, anandiuza mosabisa kuti ndilibe alpha, ndili ndi m'lifupi mwa mzere chabe. Apa ndi pomwe pagona nkhani yonseyi. M'lifupi mwa mzere muli zinthu zingapo zophatikizana. Gawo la Gilbert limakula molingana ndi frequency, kutanthauza kuti mukaichulukitsa kawiri, nalo limachuluka kawiri. Koma palinso gawo lina lomwe silisintha ndi frequency, lochokera ku kusafanana kwa filimu: kachigawo aka kamatukuka pa 94 mT, ako pa 97 mT, ndipo makina amaziphatikiza zonse n'kuonetsa mzere umodzi wotambalala, ngakhale kachigawo kalikonse pakokha kakutaya mphamvu pang'onopang'ono. Ndi muyeso umodzi simungalekanitse magawo awiriwa. Muyenera kuyeza pa ma frequency ambiri, kujambula m'lifupi motsatira frequency, ndipo kupendekeka kwa mzere wolunjika womwe watuluka ndiko kumapereka alpha, pomwe malo omwe mzerewo wayambira pa frequency ya ziro amapereka gawo la kusafanana. Usiku umenewo sindinagone, ndipo kwa sabata yathunthu sindinauze aphunzitsi anga.

Tinagwirizana kuti ndipite ku Johannesburg mu Epulo ndikayeze pa makina awo. Pa 30 Malichi 2020 dziko la Zimbabwe linatsekedwa chifukwa cha mliri, ndipo malire a Beitbridge, a pakati pa Zimbabwe ndi South Africa, anatsekedwa kwa anthu apaulendo. Ndinakhala kunyumba ndi agogo miyezi yambiri, masampulo ali m'dirowa ija ku yunivesite, komwe anali atadutsamo kale chinyezi cha dzinja lonse. Ana omwe ndinkawaphunzitsa masamu kuti ndipeze ndalama anasiya kubwera. Tsiku lina agogo anandipeza pakhonde ndikuwerenga pa foni, ndipo anati, “Iwe mwanawe, sukulu yakoyi idzatha ife tili moyo?” Ndinayesa kuwafotokozera za nguli. Iwo anaseka n'kunena kuti ali mwana ku Dedza ankasema nguli okha, ndipo mwana aliyense ankadziwa kuti nguli ikagwa msanga uyambe wayang'ana pansi pomwe waizunguzira usanaitaye, chifukwa pamchenga imafa msanga kusiyana ndi pabwalo louma. Sindinawayankhe, koma mawuwo anandilasa, popeza ine ndinali nditaimba mlandu permalloy osayang'ana chomwe chinali pamwamba pake ndi pansi pake.

Miyezi imeneyo ndinawerenga zomwe ndinayenera kuwerenga ndisanalembe kalata yopempha masampulo. Ndinaphunzira kuti kuzirala kwenikweni kwa chitsulo kumachokera ku mgwirizano wa pakati pa spin ya elekitironi (yomwe ili ngati kamaginito kakang'ono ka elekitironiyo) ndi kayendedwe kake m'chitsulomo, womwe umatchedwa spin-orbit coupling, monga Vladimír Kamberský anafotokozera m'zaka za m'ma 1970. Ndinaphunziranso za two-magnon scattering, yomwe Arias ndi Mills anailongosola bwino mu 1999: pamwamba pa filimu pakakhala pokakala kapena padzimbiri, kuzungulira kwa pamodzi kwa muvi kumamwazikira m'timafunde tating'ono, ndipo mzere umatambalala. Vutoli limaoneka maginito akagona motsatira filimu, monga ndinkayezera ine, ndipo limatha mukawaimika chilili kuti aloze kunja kwa filimuyo. Pomwe mtima unandigunda kwambiri ndi pomwe ndinawerenga za spin pumping, yomwe Tserkovnyak, Brataas ndi Bauer anaifotokoza mu 2002, gulu la Mizukami ku Japan litaiona m'miyeso yawo. Muvi ukamazungulira umakankhira spin m'chitsulo choyandikana nacho, ndipo platinum imaimeza spin imeneyo mwachangu osaibweza, kotero filimu imataya mphamvu yambiri, makamaka ikakhala yopyapyala. Chizindikiro cha platinum ndi Pt. Ndinakumbukira kabokosi kolembedwa Py5/Pt3, ndipo ndinadziwa kuti zomwe ndinkati ndatulukira zinali mananomita atatu a platinum, pa nkhani yomwe ena anaimaliza zaka 18 m'mbuyomo.

Malire anatsegulidwa mu Disembala 2020, koma ndinalibe ndalama, ndipo mu Januwale 2021 dziko la South Africa linawatsekanso kwa milungu ingapo. Ndinanyamuka mu Malichi 2021 pa basi yochokera pa siteshoni ya Roadport mu Harare. Kuyezetsa Covid-19 kunandidyera madola 60 a ku America popita ndi ndalama zina zofanana nazo pobwera, basi inali pafupifupi madola 100 kupita ndi kubwera, ndipo malume anagulitsa makina awo osokera kuti ndalamazo zikwane. Pa Beitbridge tinakhala maola asanu ndi anayi. Mkulu uja anandisunga m'chipinda chake milungu itatu osandilipiritsa, ndipo popanda iyeyo sindikadakwanitsa. Pamwamba pa zonsezi panali fizi ya zaka ziwiri zoonjezera.

Makina awo anali osiyana ndi athu. Sampulo amaigoneka chafufumimba pa kanjira kopyapyala ka microwave kotchedwa coplanar waveguide, ndipo frequency mumaisintha momwe mukufunira. Tinayeza kuyambira 4 GHz mpaka 28 GHz, ndipo sampulo imodzi inkatha m'maola awiri, ntchito yomwe kwathu sindikadaitha ngakhale m'chaka. Filimu yanga ya mananomita 10, titaiyeza maginito atagona, inapereka mzere wopindika m'malo mwa wolunjika, chomwe ndi chizindikiro cha two-magnon scattering. Kuti tiimike maginito a permalloy chilili panafunika mphamvu yoposa 1 T, yomwe ndi 1,000 mT, ndipo maginito awo aakulu ankafika 2 T. Titatero mzere unawongoka, ndipo alpha inatuluka 0.008. Mwa 12 mT yomwe ndinaiyeza ku Harare, pafupifupi 5 mT yokha ndi yomwe inali ya Gilbert, ndipo yotsalayo inali ya dzimbiri ndi kusafanana kwa filimu. Ya platinum ija inapereka 0.017, ndipo mzere wake unali wolunjika bwino, chifukwa spin pumping imakula ndi frequency monga momwe gawo la Gilbert limachitira. Ichi n'choopsa kwa oyamba kumene: ngakhale mutayeza pa ma frequency ambiri, spin pumping imabisala m'kupendekeka komweko, ndipo mungaigwire pokhapokha mutayerekeza mafilimu osiyana kunenepa koma ovindikiridwa mofanana.

Mu sabata yachiwiri anatilola kumata mafilimu atsopano, ndipo ulendo uno ndinaima pafupi ndi makina mpaka ntchito itatha. Tinayala tantalum ya mananomita atatu pansi ndi ina pamwamba, popeza tantalum imateteza ku dzimbiri ndipo siwonjezera kuzirala monga platinum. Mafilimu a mananomita 10, 20 ndi 40 onse anapereka alpha ya pafupifupi 0.007. Mmisiri wa pa labotaleyo anandichenjeza za zinthu ziwiri zomwe ndikadaziphonyanso. Choyamba n'chakuti filimu ikanenepa kwambiri mumayamba kuyenda timagetsi tozungulira totchedwa eddy currents, tomwe timadya mphamvu molingana ndi kunenepa kochulukitsidwa kokha, ndiye kuti filimu yonenepa kawiri imataya kanayi kudzera njira imeneyi. Chachiwiri n'chakuti kanjira ka microwave komweko kamalanda mphamvu ya sampulo yomwe yagona pa iko. Pa permalloy yopyapyala kulandako n'kochepa, koma gulu la ku NIST, bungwe la boma loona za miyeso ku America, litayeza chosakaniza cha cobalt magawo 25 ndi ayironi magawo 75 mu 2016, linachita kuchotsa mbali zoterezi pa alpha yonse ya pafupifupi 0.002 kuti lifike pa ya chitsulocho ya pafupifupi 0.0005.

Nditabwerera ku Harare ndinang'amba masamba 30 aja ndi kuyambiranso. Aphunzitsi anga sanandikalipire, koma anandikumbutsa kuti anandiuza mu 2019 kuti ndipeze wowerenga, ndipo ndinalibe choyankha. Anandilangiza kuti ndisataye masampulo akale, ndipo mafilimu adzimbiri aja ndiwo anakhala mutu wachinayi wa kafukufuku wanga, woyerekeza permalloy yosavindikira yomwe yakhala zaka ziwiri mumpweya wa Harare ndi ina yotetezedwa ndi tantalum. Makina akale a 9.5 GHz ndinawagwiritsabe ntchito, koma pa zomwe angathe: kutembenuza sampulo pang'onopang'ono kuti ndione momwe m'lifupi mwa mzere mukusinthira ndi ngodya, zomwe zimathandiza kuzindikira kusafanana kwa filimu. Ndinapereka ntchito yonse kumapeto kwa 2022, ndipo agogo anabwera ku mwambo womaliza atavala jekete lawo la ku tchalitchi.

Chaka chatha mtsikana wina wa ku Mufakose, mu Harare momwemo, yemwenso makolo ake ndi ochokera ku Malawi, anayamba kafukufuku wofanana ndi wanga, ndipo anandibweretsera kalata yake yopempha masampulo asanaitumize. Tinakhala nayo madzulo onse. Tinalembamo chitsulo choyala pansi ndi kunenepa kwake, chovindikira ndi kunenepa kwake, ndi pempho lakuti zonsezi zifanane pa masampulo onse kupatula kunenepa kwa permalloy. Tinaonjezera kuti tsiku lomatira lilembedwe pa kabokosi kalikonse, kuti atumize zidutswa ziwiri za sampulo iliyonse, komanso kuti asanazitumize ayeze chidutswa chimodzi pa ma frequency osachepera khumi, maginito ataima chilili, ndipo atitumizire manambala enieniwo osati chithunzi chokha. Botolo la silica gel ndinamupatsa langa.